Malemu Pulofesa Lameck Goma, Mwana wa ku Lundazi Amene Adayendetsa Yunivesite ya Zambia

M'kalata ino ndati tikumbutsane mbiri ya munthu wina wa kutsidya kwa malire. Ife a ku Mchinji timadziwa kuti malire a pa Mwami adangolembedwa ndi azungu papepala. Ambiri a ife tili ndi azakhali kapena atsibweni ku Chipata, ndipo tikapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika sitidziona ngati alendo. Komabe nditafunsa pa msonkhano wathu wa pachaka kuti ndani angatchule dzina la munthu wakuda woyamba kuyendetsa Yunivesite ya Zambia, ndikhulupirira kuti okweza manja angakhale owerengeka. Munthuyo ndi Pulofesa Lameck Kazembe Haza Goma, ndipo kwawo kudali kufupi ndi kwathu kuno kusiyana ndi ku Zomba kumene ena a ife tidakaphunzira. Msewu wochokera ku Lilongwe umene umadutsa pa boma pathupa, ukangowoloka pa Mwami umatchedwa Great East Road. Mukautsata ulendo wa makilomita pafupifupi 600, polowa mu mzinda wa Lusaka mumaona nyumba za yunivesite ku dzanja lamanzere. Pamenepo ndi pamene bamboyu adagwira ntchito imene ndikufuna kufotokoza.

A Goma adabadwa m'chaka cha 1930 m'boma la Lundazi, limene lidachita malire ndi Mzimba ndi Kasungu. Nthawi imeneyo dzikolo linkatchedwa Northern Rhodesia, Chipata idali Fort Jameson, ndipo Mchinji yathuyi idali Fort Manning. Adaphunzira pa mishoni ya Lubwa kufupi ndi Chinsali, imene idali mphukira ya Livingstonia ndiponso kumene kudabadwira a Kenneth Kaunda. Kuchoka apo adapita ku Munali mu Lusaka, sukulu ya sekondale yoyamba ya anthu akuda m'dzikolo, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1939. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 adali pa koleji ya Fort Hare ku South Africa, kumenenso kudaphunzira a Orton Chirwa ndi a Masauko Chipembere a kuno kwathu ndi a Robert Mugabe a ku Zimbabwe. Anzawo ambiri a pa Fort Hare adatuluka ndi mtima wa ndale. A Goma adatuluka ndi digiri ya sayansi ya zamoyo, napitiriza maphunziro ku Cambridge, ndipo pambuyo pake Yunivesite ya London idawapatsa digiri ya udokotala wa maphunziro.

Ntchito imene idawatchukitsa poyamba idali ya udzudzu. Adachita kafukufuku wawo ku Uganda, pa koleji ya Makerere ndiponso pa East African Virus Research Institute ku Entebbe. Adafufuza za udzudzu woswana m'madambo a gumbwa, makamaka mtundu wa Anopheles gambiae umene umafalitsa malungo kwambiri mu Africa muno, ndipo zotsatira zina adazisindikiza m'magazini ya Nature m'chaka cha 1960. Mfundo yaikulu idali yakuti m'kati mwa dambo losakhudzidwa udzudzu umenewu suswana bwino, koma anthu akayamba kulisenga, kukumba ngalande ndi kulima m'mphepete, timadzi toima pa dzuwa timasanduka chisa chake. Amene adakulira m'madimba a m'mbali mwa Bua kapena Rusa sangavutike kumvetsa zimenezi. Adagwiranso ntchito pa nsanja yachitsulo yaitali mamita oposa 30 imene idaimikidwa m'nkhalango ya Zika, kumene akatswiri ankagwira udzudzu pa msinkhu wosiyanasiyana, kuyambira pansi mpaka pamwamba pa mitengo, pofuna kudziwa kuti mtundu uti umauluka pati ndipo nthawi yanji. Dzina la Zika ambiri tidalimva m'chaka cha 2015 ndi 2016 pamene nthenda ya dzinali idavuta ku Brazil, osadziwa kuti mnansi wathu adakwerapo makwerero a m'nkhalangomo zaka makumi asanu m'mbuyomo. Ataphunzitsako pang'ono pa Yunivesite ya Ghana adabwerera kwawo, ndipo buku lawo lotchedwa The Mosquito lidatuluka ku London m'chaka cha 1966.

Dziko limene adabwererako lidali ndi njala ya anthu ophunzira. Pamene Zambia inkalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu akuda okhala ndi digiri adali ongopitirira pang'ono 100 m'dziko lonse. M'nthawi ya Chitaganya yunivesite idali imodzi yokha, ku Salisbury, ndipo inkafuna munthu wokhoza mayeso a A-level, amene ana ochepa kwambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland adali ndi mwayi wolemba. Bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood lidapereka lipoti lake m'chaka cha 1963 lolangiza kuti dzikolo likhale ndi yunivesite yakeyake, yotenga ana ongomaliza O-level, yowaphunzitsa zaka zinayi, ndiponso yopereka madigiri ake osadalira London monga zidalili ku Makerere, ku Ibadan ndi ku Legon. Lamulo lokhazikitsa yunivesite lidaperekedwa mu 1965. Anthu wamba adasonkha ndalama, ena mpaka nkhuku ndi mbuzi, ndipo m'mwezi wa March 1966 ophunzira 312 adayamba maphunziro pa Ridgeway. Mu July chaka chomwecho a Kaunda adavekedwa mkanjo wa Chancellor naika mwala wa maziko pa malo a ku Great East Road. Vice-Chancellor woyamba adali Dr Douglas Anglin wa ku Canada. A Goma adali pulofesa wa sayansi ya nyama, kenaka wachiwiri kwa a Anglin, ndipo m'chaka cha 1969 adalowa m'malo mwawo ali ndi zaka 39.

Apa ndiime pang'ono. Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa pa Chichiri mu September 1965 ndi ophunzira 90, miyezi yochepa chabe Zambia isadayambe. Mtsogoleri wake woyamba adali Dr Ian Michael, ndipo pambuyo pawo padabwera azungu ena atatu. Mmalawi woyamba kukhala pa mpandowo, Pulofesa Brown Chimphamba, adaupeza mu 1992, patapita zaka 27. Anzathu a kutsidya adachita zimenezi patangopita zaka zitatu. Sindikunena kuti azungu amene adatitsogolera adali oipa ayi, ena adagwira ntchito yotamandika. Koma kusiyana kumeneku kukutiuza kanthu za m'mene a Kamuzu Banda ndi a Kaunda ankaonera anthu awo ophunzira.

Kuti timvetse katundu amene a Goma adasenza, tiyenera kudziwa m'mene yunivesite ya boma imayendera, chifukwa ngakhale ife amene tidadutsamo ambiri tidangodziwa chipinda chophunzirira, kafeteriya ndi bolodi yomatapo zotsatira za mayeso. Pamwamba penipeni pamakhala Chancellor, amene masiku amenewo ku Zambia ndi ku Malawi komwe adali mtsogoleri wa dziko. Ntchito yake papepala ndi yaulemu chabe, kuvala mkanjo ndi kugawa madigiri. Pansi pake pali mabungwe awiri. Khonsolo ndiyo mwini katundu ndi wolemba anthu ntchito: imaona za ndalama, nyumba, malipiro ndi mwambo, ndipo ambiri mwa mamembala ake amachokera kunja kwa yunivesite, ena osankhidwa ndi Boma. Seneti ndi ya aphunzitsi okhaokha, mapulofesa ndi akuluakulu a zigawo, ndipo ndiyo imalamula zimene ziphunzitsidwe, amene alowe, amene wakhoza ndi amene walephera. Mukumbukira m'mene tinkadikirira mitima ili m'mwamba kuti Seneti ikhale, kuti tidziwe ngati tapitirira, ngati tili ndi sapu, kapena ngati tawididwa. Nkhani isadafike ku Seneti imayambira pansi. Mphunzitsi akafuna kuyambitsa phunziro latsopano amalitengera ku dipatimenti yake, dipatimenti ikavomera lipita ku bungwe la aphunzitsi onse a chigawocho pansi pa Dean, ndipo likapsa pamenepo ndiye likwera ku Seneti. Malikisi a mayeso nawonso amayenda njira yomweyo, atayamba aonedwa ndi katswiri wochokera ku yunivesite ina kuti pasakhale kukondera.

Ine amene ndakhala zaka zambiri pa ntchito ya m'Boma ndimaona kuti apa ndi pamene pagona kusamvana konse. Ku unduna lamulo limatsika. Likachoka kwa nduna lipita kwa mlembi wamkulu, kuchoka apo kwa mkulu wa nthambi, mpaka lifike kwa kalaliki, ndipo wofunsa chifukwa chake amaoneka wamwano. Ku yunivesite nkhani imakwera kuchokera pansi, ndipo mphunzitsi wamng'ono amene wangobwera kumene ali ndi ufulu wotsutsa pulofesa pa msonkhano ngati ali ndi umboni. Vice-Chancellor amakhala pakati pa miyambo iwiriyi. Ndiye wapampando wa Seneti, ndiyenso amakayankha ku Khonsolo, ndipo chaka ndi chaka amayenera kukagwada ku Boma kupempha ndalama. Aphunzitsi amamuona ngati mnzawo amene ayenera kuwatchinjiriza. Boma limamuona ngati kapitawo amene ayenera kukhazika bata pa munda.

Pa ntchito yomanga, a Goma adachita zooneka. Yunivesite idayamba ndi zigawo zitatu, cha maphunziro a uphunzitsi, cha sayansi, ndi cha mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe cha anthu, ndipo cha malamulo chidawonjezedwa mu 1967. M'zaka zawo padabwera chigawo cha uinjiniya mu 1969, cha udokotala mu 1970, cha ulimi mu 1971 ndi cha migodi mu 1973. Chomalizachi n'chodabwitsa kuti chidachedwa chotere m'dziko limene chuma chake chonse chidali pa mkuwa, koma eni migodi adakhala zaka makumi ambiri akuitanitsa akatswiri kuchokera kunja osaphunzitsa eni nthaka. Ophunzira adapitirira 1,000 pofika 1970 ndipo pofika 1980 adali oposa 4,000.

Koma chimene ine ndimachiyesa chachikulu pa zonse sichioneka ndi maso ngati nyumba. Pamene a Goma ankalowa pa mpando, pafupifupi aphunzitsi onse adali ochokera kunja, a ku Britain, America, India, South Africa ndi maiko ena a mu Africa, ambiri a iwo pa makontrakiti a zaka ziwiri kapena zitatu. Izi zikutanthauza kuti Seneti yoweruza za maphunziro a ana a Zambia idali yodzaza ndi anthu amene mawa lake akadatha kulongedza katundu. Phunziro linkayamba ndi munthu mmodzi n'kufa iye akachoka. Kuyambira mu 1969 yunivesite idakhazikitsa ndondomeko yosula aphunzitsi akeake. Wophunzira amene wakhoza bwino koposa ankasungidwa pa dipatimenti, kupatsidwa kamalipiro, kuyamba kuthandiza kuphunzitsa, kenaka kutumizidwa kunja kukachita digiri yachiwiri ndi yachitatu, pa pangano lakuti adzabwerera. Ntchito yotere imafuna kuleza mtima kwa mlimi wa mitengo, pakuti kuchokera pa digiri yoyamba kufika pa mphunzitsi wokhwima pamapita zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo. Padalinso mpikisano woopsa. A Kaunda atalengeza mfundo za ku Mulungushi mu 1968, Boma lidatenga makampani ambiri, ndipo makampaniwo pamodzi ndi migodi ndi maunduna ankalimbirana mnyamata aliyense wa digiri, akumulonjeza galimoto ndi nyumba zimene yunivesite sikadatha kupereka. Ngakhale zidali choncho, ambiri mwa mapulofesa a Chizambia amene adayendetsa madipatimenti m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 adadzera pa khomo limeneli.

Mayeso enieni a utsogoleri wawo adabwera kawiri, ndipo kawiri konse moto udayambira kunja kwa dziko. Mu July 1971 kudamveka kuti dziko la France lalola South Africa kupanga ndege za nkhondo za Mirage. Ophunzira adaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa France mu Lusaka, ndipo apolisi adawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi ndi zibonga, ena navulala. Ophunzirawo ankayesa kuti akuthandiza Boma lawo, limene linkadziwika pa dziko lonse kuti limadana ndi tsankho. A Kaunda atawauza kuti nkhani za kunja azisiye m'manja mwawo, atsogoleri khumi a bungwe la ophunzira adawalembera kalata yapoyera yowadzudzula kuti zonena zawo pa nkhani ya South Africa sizinkagwirizana ndi zochita zawo. M'chipani cha UNIP kalatayo idalandiridwa ngati kutukwana bambo pa bwalo. Anyamata a chipani adakonza zoguba kupita ku yunivesite, ophunzira adatseka misewu yolowera, ndipo m'bandakucha wa pa 15 July asilikali ndi apolisi adazinga malo onse, kutulutsa ophunzira m'zipinda ndi mfuti n'kuwatumiza kwawo. Yunivesite idakhala yotseka mpaka kumapeto kwa August. Atsogoleri khumi aja adachotsedwa sukulu, ndipo aphunzitsi awiri, a Michael Etherton amene adayambitsa bwalo la zisudzo la Chikwakwa ndi a Andrew Horn, adapitikitsidwa m'dziko.

Onani bwino chimene chidachitika apa. Malinga ndi mwambo wa yunivesite, kuchotsa wophunzira ndi nkhani ya mabungwe a yunivesite, ndipo wolakwayo amayenera kumvedwa kaye. Kuchotsa mphunzitsi ndi nkhani ya Khonsolo. Koma chigamulo cha July 1971 chidachokera ku Boma, ndipo munthu amene adanyozedwa m'kalata ija adalinso Chancellor wa yunivesite yomweyo. Wodandaula, woweruza ndi mwini bwalo adali munthu mmodzi. Vice-Chancellor akadakadandaula kwa yani? Tikumbukenso kuti nthawiyo ndale zidali zitatentha: patangopita mwezi umodzi a Simon Kapwepwe adatuluka m'Boma n'kutsogolera chipani cha UPP, ndipo mu December 1972 Zambia idakhala dziko la chipani chimodzi. Kuyambira pamenepo yunivesite idatsala ngati malo amodzi mwa ochepa kumene munthu akadatha kutsutsa Boma mokweza mawu, ndipo chifukwa cha chimenecho maso a Boma sadachokepo.

Ulendo wachiwiri udali woopsa kuposa woyamba. Dziko la Angola litalandira ufulu mu November 1975, zipani zake zidali pa nkhondo. MPLA inkathandizidwa ndi Cuba ndi Soviet Union, pamene UNITA inkathandizidwa ndi America, ndipo asilikali a South Africa adalowa m'dzikomo kumbali yake. Boma la Zambia linkalankhula za boma la mgwirizano wa zipani zonse, koma ophunzira ankaona kuti mtima wake uli kwa a Jonas Savimbi. Mu January 1976 adanyanyala maphunziro pofuna kuti Zambia ivomereze boma la MPLA. Nthawiyo chuma chidali chitagwa: mtengo wa mkuwa udatsika kwambiri mu 1975, malire ndi Rhodesia adali otseka kuyambira 1973, ndipo njanji ya Benguela yodzera ku Angola idaima chifukwa cha nkhondo. Pa 28 January a Kaunda adalengeza malamulo okhwima a nthawi ya ngozi, naloza chala anthu akunja amene adati akusokoneza ana. Patangopita masiku ochepa apolisi adagwira a Lionel Cliffe, mphunzitsi wa za ndale wa ku Britain, ndipo pambuyo pake adagwiranso aphunzitsi ena, mwa iwo a Robert Molteno, pamodzi ndi atsogoleri a ophunzira. Pa 9 February yunivesite idatsekedwa ndipo idakhala choncho pafupifupi miyezi itatu. Aphunzitsi akunjawo adasungidwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, kenaka adatulutsidwa n'kupitikitsidwa. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho Boma la Zambia lidavomereza boma la MPLA, chinthu chimene ana aja adatsekeredwa.

M'chaka chomwecho cha 1976 a Kaunda adasankha a Goma kukhala Nduna ya Maphunziro, ndipo mpando wa ku yunivesite udapita kwa Dr Jacob Mwanza. Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo, ndipo ine ndinena anga. Munthu akhoza kunena kuti mkulu wa yunivesite amene aphunzitsi ake agona m'ndende popanda mlandu sayenera kulandira mpando kuchokera m'dzanja lomwe lidawatsekera, ndipo kuti njira yaulemu idali kutula pansi udindo. Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindingawapeputse. Ufulu wa mphunzitsi wophunzitsa zimene wapeza m'kafukufuku wake, ngakhale zisakomere olamula, ndiwo mtima wa yunivesite, ndipo mu 1971 ndi 1976 ufulu umenewo udaponderezedwa a Goma ali pa mpando. Komabe ndikayang'ana mbali inayo ndimaona munthu amene adalandira sukulu ya zaka zitatu, yodalira Boma pa ngwee iliyonse, m'dziko lozingidwa ndi nkhondo ku Rhodesia, ku Mozambique ndi ku Angola. Akadachoka mokwiya, mpandowo sukadakhala wopanda munthu, ndipo wolowapo akadatha kukhala wa chipani weniweni wosadziwa n'komwe kuti Seneti n'chiyani. Ife a m'Boma timawadziwa akuluakulu a mtundu umenewu, amene amameza mawu pa msonkhano kuti apulumutse nthambi yawo, ndipo timadziwanso kuti pena kumeza mawuko kumasanduka chizolowezi. Kwa ine a Goma adali mmisiri womanga, wosamala, wokhulupirira kuti zinthu zimakonzedwa uli m'kati. Adapambana pa kumanga. Pa kutchinjiriza aphunzitsi ake ku dzanja la Boma sadapambane, ndipo ndikayika ngati padali wina m'chigawo chino cha Africa amene adapambana pa zaka zimenezo.

Tisaseke anzathu, pakuti kwathu kuno zidali zoposa. Ku Lusaka ophunzira ankatha kuguba, kulemba kalata yodzudzula mtsogoleri wa dziko, kutsekeredwa sukulu n'kubwereranso. Ku Zomba zotere sizinkalotedwa n'komwe. A John Tembo adakhala wapampando wa Khonsolo ya yunivesite zaka zambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi akuluakulu angapo a yunivesite, ambiri a iwo ochokera kumpoto, adatsekeredwa popanda mlandu. Mu September 1987 a Jack Mapanje, amene adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, adagwidwa ku Zomba nakhala ku Mikuyu mpaka May 1991. Ophunzira athu adayamba kuguba poyera mu March 1992, pochirikiza kalata ya maepiskopi a Katolika, ndipo koleji idatsekedwa. Ngakhale ndale za zipani zambiri zitabwera nthendayi sidathe. Mu February 2011 mkulu wa apolisi a Peter Mukhito adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi chokhudza zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi motsogozedwa ndi Dr Jessie Kabwila adakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape, Khonsolo idachotsa ntchito anayi a iwo, ndipo mkanganowo udatha mu October pamene adabwezeredwa pa ntchito. Chancellor pa nthawiyo adali a Bingu wa Mutharika, amene adaikira kumbuyo mkulu wa apolisi poyera. Ana a anthu adataya miyezi isanu ndi itatu. Amene adawerengapo za Lusaka ya 1971 sadaone chachilendo.

Ku unduna a Goma adapeza mtsutso waukulu uli m'kati. Mu 1976 Boma lidatulutsa maganizo ofuna kusintha maphunziro onse kuti sukulu ndi ntchito za manja ziyendere limodzi motsata mfundo za Humanism za a Kaunda. Anthu adapatsidwa mwayi wopereka maganizo m'dziko lonse, ndipo makolo ambiri, mipingo ndi aphunzitsi adakana mbali zake zambiri. Chikalata chomaliza chimene chidatuluka mu 1977 a Goma ali nduna chidali chofatsa, ndipo cholinga chake chachikulu chidali chakuti mwana aliyense aphunzire zaka zisanu ndi zinayi. Ndalama zochitira zimenezi sizidapezeke, popeza mkuwa sudadzukenso msanga. Kuyambira 1981 mpaka 1986 adali Nduna Yoona za Kunja, pa nthawi imene Lusaka idali likulu la ANC ya ku South Africa ndiponso malo okambirana za ufulu wa Namibia. Za ntchito imeneyo sindinenapo zambiri, pakuti aliyense amadziwa kuti mfundo za kunja za Zambia zinkapangidwa ku State House. Mu 1986 adapita ku unduna wa maphunziro apamwamba, ndipo chaka chotsatira nthambi ya yunivesite ya ku chigawo cha migodi idapatulidwa n'kukhala Copperbelt University ku Kitwe. Kumeneku kudali kuvomereza kuti kuyendetsa makoleji otalikirana pansi pa Seneti imodzi n'kovuta, phunziro limene ife tidalifikira mochedwa: Bunda idachoka mu Yunivesite ya Malawi mu 2012, ndipo Polytechnic, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapatuka mu 2021.

Zaka zomaliza za ulamuliro wa UNIP zidali zowawa kwa munthu amene adathera unyamata wake kusula aphunzitsi. Kwacha ya Zambia itagwa, malipiro a pulofesa sankakwanira mwezi, ndipo ambiri mwa aja adatumizidwa kunja ndi ndalama za yunivesite adanyamuka kupita ku Botswana, Swaziland, Lesotho ndi kwina. Nyumba yosungira mabuku idaleka kulandira magazini atsopano a kafukufuku. A Kaunda atagonja kwa a Frederick Chiluba mu October 1991, lamulo latsopano la 1992 lidalekanitsa mpando wa Chancellor ndi wa mtsogoleri wa dziko, ndipo woyamba kuukhala motero adali a John Mwanakatwe, amene adali Nduna ya Maphunziro pamene yunivesite inkabadwa. Mfundo imene idasowa mu July 1971 idalowa m'malamulo patapita zaka 21, a Goma atachoka kale pa mipando yonse iwiri.

Pulofesa Goma adamwalira m'chaka cha 2004 ali ndi zaka 74. Amene mwa inu mudapitako ku yunivesite ija, kaya kukachita maphunziro kaya kuperekeza mwana, mudaona timaiwe tokumba tili chakumaso, pakati pa msewu ndi nyumba zophunzirira, pamene ophunzira amakhala pa udzu madzulo ndi mabuku awo ndipo akwati amajambulitsapo zithunzi Loweruka. Timaiwe timeneto timatchedwa Goma Lakes. Sindileka kumwetulira ndikaganiza kuti munthu amene adalemba buku lonse la udzudzu adamukumbukira pomupatsa madzi oima.